Chowotchera nyama cha alendo: momwe ntchito ikuyendera

Tisanagule kanthu

Nyumba yathu yogonamo alendo a masiku ochepa ili ndi bwalo kuseri, ndipo anthu ofuna kusungitsa malo akhala akufunsa kawirikawiri ngati pali powotchera nyama. Pa Airbnb ndi pa Booking.com, masamba a pa intaneti osungitsirapo malo ogona, chowotchera nyama chili pa mndandanda wa zinthu zimene mwini nyumba amachonga kuti zilipo, ndipo mlendo amaziona asanalipire. Ukangochonga, walonjeza. Munthu amafika madzulo nyama yake ili kale m'galimoto, akuyembekeza kupeza chinthu choyera, chokhala ndi gasi, choyaka. Kugula n'kwa tsiku limodzi, koma lonjezo limeneli liyenera kukwaniritsidwa nthawi iliyonse mlendo wina akatuluka, wina n'kulowa. Ndi chifukwa chake ndayamba kulemba izi.

Funso loyamba linali la makala kapena gasi. Ine pandekha ndimakonda makala, ndipo ndikamawotcha zanga sindiganizira n'komwe za gasi. Koma pano wowotcha si ine, ndiponso wotsala ndi phulusa si mlendo. Alendo amatuluka m'mawa, ena amalowa masana a tsiku lomwelo, ndiye pakati pamakhala maola ochepa okha oti nyumba yonse ikonzedwe. Makala okwiririka m'phulusa amasunga moto nthawi yaitali, moti ozimitsa moto amalangiza kudikira maola 48 usanataye. Nthawi imeneyo tilibe. Gasi ali ndi zovuta zake: silinda imatha, payipi imatha kudontha, zitsulo zoti ziwonongeke n'zambiri. Komabe ukatseka, moto wazima pomwepo. Tasankha gasi.

Ndinapita kogula ndi maginito m'thumba. Zitsulo zonyezimira zimene amati sizichita dzimbiri sizofanana. Cha mtundu wa 304 chili ndi chromium pafupifupi 18 pa 100 ndi nickel pafupifupi 8 pa 100, ndipo maginito sagwira bwino. Cha mtundu wa 430 chilibe nickel, maginito amamata, ndipo panja chimayamba msanga timadontho ta dzimbiri. Si choyipa ayi, koma ndi bwino kudziwa chimene ukulipira. Pa waya woyikapo nyama ndinalingalira nthawi yaitali. Wa chitsulo chochindikala chakuda amasunga kutentha bwino kwambiri, koma amafuna kupakidwa mafuta akatha ntchito, apo ayi m'mawa umapeza wafiira ndi dzimbiri, ndipo sungayembekezere mlendo amene wabwera kudzapuma kuti azikumbukira zimenezo. Wokutidwa ndi utoto wolimba wonga wa mbale amatsukika mosavuta, koma wina akangopala ndi mpeni utotowo umathetheka, dzimbiri n'kulowera pamenepo. Tatenga wa ndodo za chitsulo chonyezimira, amene amapirira kupalidwa ndi kunyikidwa m'madzi.

Chowotchera chenichenicho ndi cha ma burner atatu (timapayipi ta timabowo totulukira moto), chopanda kambaula kam'mbali kapena magetsi okongoletsa. Chilichonse chowonjezera ndi chinthu china choti mlendo asokonezeke nacho. Ndinafunsanso wogulitsa ngati ma burner ndi waya zimagulitsidwa pazokha, chifukwa zimenezi ndi zimene zimayamba kutha.

A inshuwalansi ndawauza kuti pabwalo pakhala chowotchera cha gasi chogwiritsa ntchito alendo, ndipo ndapempha kuti yankho lawo likhale lolemba. Amene nyumba yake ili m'chinyumba chosanja ayambe waona malamulo a pamalopo, pakuti m'malo ambiri kuwotcha pa khonde la m'mwamba n'koletsedwa.

Tsiku loyika

Tayeza mamita 3 kuchokera kukhoma, ndi kuonetsetsa kuti pamwamba palibe denga, nthambi kapena chingwe choyanikira zovala. Pamalopo tawaka simenti yosalala kuti chisapendeke. Gasi wa m'silinda yathu, wotchedwa propane, ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akadontha sakwera kumwamba koma amatsetserekera pansi n'kukaunjikana m'maenje. Pa chifukwa chimenechi tasuntha malo pang'ono kuti atalikirane ndi kadzenje kolowera madzi a mvula.

Matayala tawachotsa, ndipo miyendo tayimanga ku simenti ndi mabawuti. Mmisiri amene amatithandiza anadabwa, nati chinthu chabwinobwino tikuchilemaza. Koma chinthu cha matayala chimakokedwa. Dzuwa likawomba, wina amachikokera pamthunzi wa mtengo. Mvula ikayamba, amachikokera pakhonde. Mamita 3 aja amagwira ntchito pokhapokha ngati chowotcheracho sichingasunthe.

Titalumikiza silinda tinasakaniza sopo ndi madzi n'kupaka ndi kaburashi pa regulator (kachipangizo ka pakamwa pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi), pa payipi yonse ndi polumikizira paliponse, zotsegulira moto zonse zili zotseka, kenako n'kutsegula silinda. Pakakhala podontha thovu limafufuma. Panalibe. Propane payekha alibe fungo, ndipo fungo loipa limene timamva ndi la mankhwala otchedwa ethyl mercaptan amene amathiramo dala kuti mphuno izichenjeza. Koma panja mphepo imamwaza fungo, choncho sopo ndi amene timadalira. Tiziyeza chonchi nthawi iliyonse tikasintha silinda.

Chozimitsira moto sitinachipachike pa chowotchera penipeni. Chili pakhoma pafupi ndi chitseko chakuseri, pamene munthu wothawa moto angachifikire popanda kupisa dzanja m'malawi. Taikanso babu lowunikira pamalopo, chifukwa ambiri amawotcha kutada.

Kapepala ka malangizo

Apa ndi pamene ndataya nthawi yambiri kuposa pena paliponse. Buku limene linabwera ndi chowotchera ndi lochindikala, ndipo palibe mlendo amene angaliwerenge nyama ili m'manja. Ndalemba kapepala kamodzi, kokutidwa ndi pulasitiki, komata pa shelefu yam'mbali:

Tsegulani chivundikiro musanayatse.
Onani kuti zotsegulira moto zonse n'zotseka, kenako tsegulani silinda pang'onopang'ono.
Tsegulani chotsegulira chimodzi n'kudina batani loyatsira.
Moto ukapanda kuyaka, tsekani zonse, siyani chivundikiro chotsegula, dikirani mphindi 5.
Mafuta akagwira moto, tsekani gasi ndi chivundikiro. Musathire madzi.
Mukamaliza tsekani silinda, kenako zotsegulira.
Musaikemo makala kapena nkhuni.

Mzere woyamba ndi umene ndaulemba ndi zilembo zazikulu. Munthu akatsegula gasi chivundikiro chili chotseka n'kuchedwa kuyatsa, gasi amadzaza m'katimo, ndipo akadina batani moto umaphulikira kumaso. Za madzi nazonso n'zofunika kuzinena poyera, chifukwa dzanja la munthu aliyense likaona moto limathamangira ku ndowa. Madzi akagwera m'mafuta oyaka amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mafutawo akuyaka.

Ndinaitana mnzanga amene sanagwirepo chowotchera cha gasi, n'kumupatsa kapepalako, ine n'kuima patali osanena kanthu. Anayatsa bwinobwino, koma anafunafuna kaye kuti silinda imatsegukira mbali iti. Tajambula muvi pa kapepala komata pafupi ndi silinda. Malangizo omwewa ndimawatumizanso pa uthenga tsiku lofika alendo.

Alendo oyamba atachoka

Anawotcha, anasangalala, analemba ndemanga yabwino. Chimene anasiya ndi chimene mlendo aliyense wabwino adzasiye: waya womata zotsalira zopserera, ndi mafuta ozizira m'kathireyi kapansi. Mayi amene amatikonzera m'nyumba anandiyimbira nati, "Bambo, ichi chokha chikufuna nthawi yofanana ndi ya bafa ndi khitchini. Mafuta akauma sachoka ndi sopo wamba." Ananena zoona. Pa ndondomeko yawo panalibe malo a ntchito imeneyi.

Takhala pansi n'kugwirizana zinthu zingapo. Malipiro awo akwera, chifukwa ntchito yawonjezeka, ndipo ntchito yosalipidwa ndi imene imayamba kudumphidwa tsiku la changu. Kathireyi ka mafuta tikuyalamo pepala la aluminiyamu, loti angolichotsa n'kuyala lina. Kathireyi kameneka ndi kamene kamayambitsa moto waukulu nthawi zambiri: mafuta a alendo angapo akaunjikana, tsiku lina amagwira moto m'manja mwa munthu amene sanawaike. Choncho kazikhuthulidwa alendo akachoka, kaya mwadzaza kaya muli pang'ono.

Chimene chathetsa vuto la nthawi n'chakuti tagula waya wina wofanana ndi woyambayo. Mayi akafika amachotsa wakudayo n'kumunyika m'beseni la madzi otentha a sopo m'chipinda chosungira katundu, n'kuyika woyera. Wonyikidwayo amatsukidwa tsiku lopanda changu, zomata zitafewa kale. Mlendo amapeza waya wowala nthawi zonse, ndipo palibe amene akupala chitsulo mothamanga alendo ena ali pa geti. Mwa zonse zimene tagula pa ntchito imeneyi, waya wachiwiriyu ndi amene ndingalimbikitse aliyense.

Burashi ya timawaya tachitsulo imene inabwera ndi chowotchera ndayitaya. Timawaya take timathothoka, timamatirira pa waya woyikapo nyama, kenako timalowa m'chakudya osaoneka. Mu 2012 bungwe loona za matenda la CDC ku America linafalitsa lipoti la anthu a ku Providence, m'chigawo cha Rhode Island, amene anafika kuchipatala atameza timawaya totere, ena titawabaya pakhosi, ena m'matumbo. Panyumba pako ungathe kumayang'ana burashi yako ngati yayamba kutha. Pa nyumba ya alendo sudziwa amene wapala nayo ndi mphamvu zotani. Taika chopalira chathabwa, chimene chimadyeka n'kutenga maonekedwe a ndodo za waya.

Mayi akamaliza amajambula chithunzi cha chowotchera chili chotsegula n'kunditumizira. Sikuti ndikuwakayikira. Chithunzicho chimatiteteza tonse wina akadzanena kuti anachipeza chakuda kapena chothyoka.

Za gasi wotsala

Kutha kwa gasi nyama ili pakati n'kumene kungakhumudwitse mlendo kuposa china chilichonse, ndiye ndinafuna njira yodalirika yodziwira wotsala. Kageji koyeza mphamvu ya gasi sikathandiza kwenikweni. M'silinda propane amakhala wamadzi, ndipo bola madziwo alipo, mphamvu ya mpweya wa pamwamba pake imatsata kutentha kwa kunja, osati kuchuluka kwa gasi. Singano imakhala pamalo amodzi mpaka gasi atatsala pang'ono kutha, kenako imagwa mwadzidzidzi.

Sikelo ndiyo sinama. Pa silinda pamakhala podinda kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Ukayeza n'kuchotsera nambala imeneyo, chotsala ndi gasi. Tagula kasikelo kokoleka konga koyezera zikwama. Kilogalamu imodzi ya propane imapereka kutentha kwa pafupifupi ma kWh 14 (muyezo womwe uja wa mayunitsi a magetsi), ndipo chowotchera chathu ndi cha ma kW 10, kutanthauza ma kWh 10 pa ola, ma burner onse akayatsidwa mpaka kumapeto. Ndiye kuti pa ola chimadya pafupifupi magalamu 700, ndipo silinda ya makilogalamu 9 imatha maola 12 kapena kupitirira pang'ono. Lamulo lathu n'lakuti wotsala akachepera makilogalamu 3, tisinthe alendo asanalowe. Silinda yotsala pang'onoyo timakamalizira kwathu.

Silinda yapadera ili panja, yoimika, m'kakhola kachitsulo kopita mphepo, kokiya. Alendo sasintha okha. Polumikizira pakamangidwa mokhota kapena mphira wake ukaphwanyika, amene angazindikire ndi amene amayeza ndi sopo.

Foni ya madzulo

Mlendo anayimba kuti moto ukuyaka wochepa kwambiri ngakhale watsegula mpaka kumapeto, ndipo ankaganiza kuti gasi watha. Ndinkadziwa kuti silinda inayezedwa m'mawa womwewo. Polumikizira pathu pali kachipangizo kamene kamachepetsa gasi kakaona kuti akutuluka mothamanga, ngati mmene zingakhalire payipi itaduka. Munthu akatsegula silinda zotsegulira moto zili kale zotsegula, kapena akaitsegula mwamphamvu kamodzi, kachipangizoka kamatseka njira n'kusiya kampata kochepa. Ndinamuuza atseke zonse, adikire kamphindi, kenako atsegule silinda pang'onopang'ono asanakhudze china. Moto unabwerera. Ndawonjezera mzere umodzi pa kapepala kaja: moto ukachepa, tsekani zonse muyambirenso.

Mvula itagwa masiku otsatizana

Gawo ili ndi limene landisowetsa tulo. Alendo atachoka, Mayi anapeza mwaye pa denga la khonde ndi phulusa m'thumba la zinyalala la pulasitiki, thumbalo litabooka pansi ndi kutentha. Zikuoneka kuti mvula itawaletsa kupita pabwalo, anagula kathireyi kamakala kotaya ukagwiritsa ntchito kamodzi n'kuwotchera pakhonde, pafupi ndi chitseko cha khitchini. Palibe amene anavulala, ndipo sindikuwaimba mlandu. Anabwera ndi nyama, mvula inagwa, anapeza njira. Koma zandionetsa kuti kusankha gasi sikunachotse makala pa nyumbayi.

Makala akamayaka amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, wosatsokomoletsa. Ndipo amapitiriza kuutulutsa ngakhale malawi ndi utsi zitatha, pamene munthu akuona ngati moto wazima ndipo palibe vuto kulowetsa kathireyiko m'nyumba kuti kasanyowe kapena kuti katenthetse chipinda. M'magazi mpweyawu umagwira hemoglobin, chinthu chimene chimanyamula oxygen m'thupi, mwamphamvu kuposa oxygen ka 200 ndi kupitirira, ndiye thupi limasowa mpweya munthu akupuma bwinobwino. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zinthu zimene munthu amene wayenda ulendo wautali n'kumwako pang'ono anganene kuti ndi kutopa chabe, n'kupita kukagona. Anthu ambiri amene amafa nawo amafera kutulo. Chitseko kapena zenera lotsegula si chitetezo chokwanira.

Tachitapo zinthu zitatu. M'nyumba munali kale alamu ya carbon monoxide pafupi ndi zipinda zogona, ndipo tawonjezera ina kufupi ndi khitchini. Mayi azidina batani loyesera pa tsiku lokonza. M'malamulo a nyumba ndalemba momveka kuti moto wa makala usayatsidwe pakhonde kapena m'nyumba, ndipo ndafotokoza chifukwa chake m'mizere iwiri, pakuti munthu amamvera msanga lamulo limene akulimvetsa. Chachitatu ena angachione ngati chikutsutsana ndi lamulolo: taika ndowa yachitsulo ya chivundikiro pa simenti paja, yolembedwa kuti phulusa. Ngati wina abwerabe ndi makala, ndi bwino phulusa lake lipeze malo oyenera kusiyana ndi kulowa m'thumba la pulasitiki lotsamira khoma la nyumba.

Chinsalu chofunditsira chowotchera tachichotsa pa maso pa alendo. Wina akafunditsa chitsulo chikadali chotentha, chinsaluchi chimasungunuka n'kumata. Mayi ndi amene azifunditsa nyumba ikakhala yopanda alendo, chowotchera chitauma, chifukwa kufunditsa chonyowa n'kutsekera chinyezi m'kati.

Kuyeretsa kwakukulu

Burner imodzi inayamba kutulutsa moto wachikasu, wolobodoka, m'malo mwa wabuluu. Nditaimasula ndinapeza ukonde wa kangaude m'kapayipi kolowera gasi. Pamenepo ndi pamene gasi amasakanikirana ndi mpweya asanafike pa moto, ndipo njira ikatsekeka gasi amatha kubwerera m'mbuyo n'kuyakira kuseri kwa zotsegulira, pamene pali dzanja la munthu. Akangaude amakonda timapayipi timeneti makamaka chowotchera chikakhala masiku osayaka. Ndinatokosa ndi kaburashi kotsukira mabotolo, timabowo ta burner n'kutitsegula ndi kawaya kowonda. Chotokosera m'mano sichoyenera chifukwa chimathyokera momwemo.

M'kati mwa chivundikiro munayamba kusupuka zinthu zakuda zooneka ngati penti. Si penti, ndi utsi ndi mafuta zimene zapserera n'kuuma, koma zikagwera pa nyama ya mlendo iye adzati ndi penti. Tapala zonse n'kupukuta. Payipi ndayipinda pang'onopang'ono m'litali mwake monse kufuna ming'alu ndi mano a makoswe, amene amakopeka ndi mafuta odonthera pamenepo. Batire la batani loyatsira ndasintha lisanathe. Ntchito yonseyi ndaiyika pa kalendala kuti izichitika mwezi ndi mwezi nyengo ya alendo ambiri.

M'kabati ya khitchini taikamo choyezera kutentha chobaya m'nyama. Geji ya pa chivundikiro imayeza mpweya wa m'kati, osati nyama, ndipo munthu amene sadziwa chowotchera ichi sadziwanso mbali imene chimatentha kwambiri. Pa kapepala ndalemba manambala atatu: nkhuku ifike madigiri 74 a Celsius, nyama yogaya 71, nthuli ya ng'ombe kapena nkhumba 63 kenako ipume mphindi 3. Zopanira zilipo ziwiri, china cha nyama yaiwisi, china cha yakupsa.

Za kulipiritsa wosiya chakuda

Anzanga ena obwereketsa nyumba amalemba kuti wosiya chowotchera chakuda adzalipira chindapusa. Ndaganizira ndipo sinditero. Munthu woopa chindapusa amathira madzi pa chitsulo chotentha, amapala ndi mpeni wa kukhitchini, kapena amapopera mankhwala otsukira uvuni n'kusiya osatsukuluza, mlendo wotsatira n'kuwotcherapo. Ndimangopempha kuti akamaliza asiye moto uyake mphindi 10 chivundikiro chili chotseka kuti zomata zipserere, kenako atseke gasi. Zotsalazo ndi zathu, ndipo mtengo wake uli kale m'ndalama yokonzera nyumba. Chothyoka ndi nkhani ina, ndipo pamenepo zithunzi zija ndi zimene zimalankhula.

Zimene zatsala

Kuiwala kutseka gasi kudakali kotheka, ndipo silinda ingathe usiku umodzi. Pali mavavu okhala ndi koloko amene amatseka okha nthawi ikakwana. Ndapempha katswiri wa gasi wovomerezeka kuti adzaone ngati ingaikidwe pa chowotchera chathu, chifukwa pa payipi ya gasi sindilola kulumikizapo chinthu mongoyerekeza.

Nkhani ya mvula sinathe. Chimene chinakokera alendo aja pakhonde n'chakuti pabwalo palibe pobisala. Ndikufunsa za kadenga kachitsulo, kotalika, kopanda makoma mbali zonse, ndipo ndiyenera kuona kaye kutalika kumene buku la chowotchera likulola pamwamba pake, ndi kumva maganizo a a inshuwalansi. Ngati zonse ziwiri zivomereza, mmisiri adzayeza malo sabata yamawa. Ma burner apadera ndaitanitsa kale, ndipo akafika ndidzawasunga pamodzi ndi waya wachiwiri uja m'chipinda cha katundu.